Khonde la Akamwini

Chilomoni, Blantyre
6 Febuluwale 2024

Achemwali anga a Ida,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno ndili bwino, kungoti dzuwa latiwamba, ndiye ndikaganiza za chimanga chanu ku Nkhulambeko mtima ukundiwawa. Kalatayi ndapatsira kondakitala wa minibasi uja, poti foni yanu imagwira pokhapokha mukakwera pachulu, ndipo ababa mukuwadziwa kale, pafoni amangoti "eya, eya" osamva kanthu.

Nkhani ndi iyi. Bungwe lathu lapeza thandizo lokonzera laibulale ya kwathu ija, imene denga lake linasasuka mbali imodzi ndi namondwe. Koma opereka thandizowo akuti pasaikidwe njerwa ngakhale imodzi tisanamve maganizo a onse okhudzidwa. Ndiye mukudziwa amene amusankha kuti adzachititse msonkhanowo? Ine amene, yemwe uja munkamunena kuti pakamwa pake sipatera ntchentche. Lero pakamwa pomwepo pandipezetsa ntchito.

Msonkhano udzakhala Lachinayi la sabata yamawa, pabwalo la sukulu. Muwauze amalume a Mavuto aitane anthu: amfumu, aphunzitsi, amipingo, akumzikiti, achinyamata ndi amayi. Iwo ndi eni mbumba, akaitana anthu sajomba.

Kodi nkhani yosudzula ababa ija amalume anaiyambanso? Ine sindikufuna kumva zoti poti amayi anamwalira ndiye ababa abwerere kwawo ku Nazombe. Anabwera pachikamwini tisanabadwe, lero imvi zili mbuu, kumeneko akakapeza ndani? Muwauze adzavale jekete lawo lija. Chimwalirire amayi sindinawasangalatseko ndi kanthu, ndipo ndikudziwa kuti kulaibulale ndi kumene amaswera. Ndikufuna adzaone kuti amene akuwakonzera malo awo ndi mwana wawo.

Sindidzagona, galimoto ndi ya ofesi. Ngati makaka alipo mundisungireko, akuno ndi owawa.

Ndine mng'ono wanu,
Aliness

Nkhulambe
21 Febuluwale 2024

Aliness,

Tili bwino, kaya iwe unafika bwanji. Makaka ako unawaiwala pakhomo pomwe chifukwa cha liwiro, ndiye ana akuthandiza kudya. Mvula sinabwerebe.

Mudzi wonse ukukamba za iwe. Unaima pamaso pa anthu ndi mapepala ako akuluakulu aja ngati phungu, mpaka ine ndinaiwala kuti ndinkakupukuta mamina. Amalume ndiye asiye. Anayankhula katatu pamsonkhano, koma akamafotokoza kumsika ungaganize kuti laibulaleyo amanga okha ndi manja awo. Achinyamata akondwa ndi zoti mudzaikamo makompyuta, aphunzitsi nawo akondwa ndi chipinda chowerengeramo mwakachetechete.

Koma ndifunseko, poti ine ndinakhala kumbali ya azimayi ndipo mwana ankandivuta. Kodi ndinamva bwino kuti khonde lija la laibulale mulitseka ndi njerwa kuti likhale chipinda cha makompyuta? Ndikufunsa chifukwa utafunsa kuti pali wotsutsa, ndinayang'ana kumbuyo kumene anakhala madala a pakhonde aja. Onse anangoti zyoli. Msonkhano utatha Che Ramadani, mnzawo wa ababa wa golosale uja, anachoka akukankha njinga osakwera, fanta yawo osamwa.

Ababa atafika kunyumba anavula jekete nalipachika, n'kungoti, "Mwana uja waphunzira." Kaya kunali kuyamika kaya chiyani, iweyo ndi amene unapita kusukulu.

Za kusudzula usade nkhawa, amalume sanazitchulenso. Akuti ababawo sasowetsa mtendere, amachoka m'mawa n'kubwera dzuwa litapendeka, ndiye amuthamangitsirenji? Ababa nawo anandiuza okha kuti bola ali ndi kolawirira m'mawa sapita kulikonse.

Ukapeza mpata uwagulireko magalasi ena. Awa mwendo umodzi amangirira ndi ulusi.

Ndine mkulu wako,
Ida

Nkhulambe
3 Malichi 2024

Mwana wanga Aliness,

Landira moni kuchokera kwa ine bambo ako. Ndili bwino, mawondo okha ndiwo akudandaula. Ndikhulupirira nawe uli bwino ndipo ukupita kutchalitchi.

Ndalemba kuti ndikuyamike. Unayankhula bwino pamsonkhano. Mawu ako ankamveka mpaka kumbuyo kumene tinakhala ife, ndipo anzanga anandigwira chanza. Mayi ako akanakhalapo akanalulutira mpaka mawu kusasa.

Ndili ndi timafunso tiwiri, uyankhe ukapeza mpata. Kodi ntchitoyo iyamba liti? Nanga benchi lija la pakhonde lipita kuti? Anzanga akufunsa ine poti akuti ndine bambo wa bwana, ndiye ndikumawayankha kuti bwanayo sanandiuze.

Usadandaule za ine. Ntchito ya anthu ambiri siima chifukwa cha nkhalamba.

Ndine bambo ako,
Goliati Namakhwa

Chilomoni, Blantyre
18 Malichi 2024

Ababa,

Kalata yanu ndinailandira ndipo ndinaiwerenga kawiri, kachiwiriko mokweza, anzanga a mu ofesi akumva. Ndinawauza kuti onani, bambo anga sakuugwira mtima, akufunsa kale kuti tiyamba liti!

Musadandaule, sitichedwa. Kontirakitala afika kumayambiriro kwa Epulo. Adzayamba n'kutchinga malo onse ndi malata, ndipo laibulale idzakhala yotseka mpaka ntchito itatha. Benchi lija tapereka kusukulu, latha ntchito, ndipo sindikufuna kuti bambo anga azikhalanso pathabwa lodya thalauza. Mkatimo mudzakhala mipando ya khushoni. Ndasankhiratu wanu, pafupi ndi windo loyang'ana kuphiri. Mudzakhala zii, wopanda wokusokonezani, chifukwa m'chipinda chimenecho kuyankhula n'koletsedwa. Fumbi, mphepo ndi phokoso la anthu odutsa, zonsezo muiwale.

Lipoti la msonkhano uja opereka thandizo alikonda kwambiri. Akuti m'madera ena anthu amakangana mpaka kugwirana m'makolala, koma kwathu onse anagwirizana tsiku limodzi. Abwana anga anandiyamika pamaso pa anthu, ine n'kuti ndinatengera bambo anga.

Magalasi ndatumiza pamodzi ndi kalatayi. Mukaona kuti akukuzunguzani mutu munene, ndikasinthitsa. Mupereke moni kwa Che Ramadani ndi anzanu onse, muwauze apirire pang'ono.

Ndine mwana wanu,
Aliness

Nkhulambe
12 Meyi 2024

Aliness,

Moni. Ana ali bwino, takolola tochepa. Sindichulutsa malonje chifukwa nkhani ndili nayoyi ikundisowetsa tulo, ndipo foni yanga inagwera mu ndowa.

Ababa apempha okha kuti asudzulidwe. Palibe wawathamangitsa. Anapita okha kwa amalume, chipewa chili m'manja, n'kukanena kuti nthawi yakwana.

Chitchingireni malata aja ababa alibe kopita. Masiku oyamba ankavalabe m'mawa, kupita kukazungulira mpandawo, n'kubwerako. Kenaka anayamba kungokhala pakhomo tsiku lonse. Iwe ukudziwa mmene nyumba zathu zinayandikirana. Uku azakhali akupeta, uku azilamu awo akukamba zawo, ndiye mwamuna wofedwa ali pakati pawo ndi magalasi atsopano opanda choti awerenge. Azimayi aja akafuna kuseka ankayamba atsitsa mawu. Ababa anaziona.

Kodi iwe unayamba wawayang'anitsitsa anthu amene ankakhala pakhonde paja? Ababa kwawo ndi ku Nazombe. Che Ramadani anachokera ku Chiradzulu. Ena aja ndi a ku Migowi, ena a ku Mozambique. Onse ndi akamwini, palibe mwini mudzi ngakhale mmodzi. Ambiri mwa iwo kuwerenga kumawavuta, n'chifukwa chake sankalowa mkati. Woyang'anira laibulale ankawatulutsira nyuzipepala, ababa n'kumawerenga mokweza, za Chingerezi n'kumazitembenuzira m'Chilomwe, kenaka mkangano mpaka madzulo. Pamudzi pano mtengo uliwonse uli ndi mbumba yake, ndipo mkamwini akakhala pansi pake amayankhula moyesa mawu. Pakhonde paja pokha ndi pamene panalibe mlamu wa munthu.

Anayesako kukumana pagolosale ya Che Ramadani, koma malowo ndi a kuchikazi, ndipo apongozi awo amagulitsa zitumbuwa pakhomo pomwepo. Anangokumana kawiri basi.

Ndiye iwe unawaitanira pamsonkhano umodzi ndi amalume, n'kufunsa kuti pali wotsutsa. Mkamwini angatsutse mwini mbumba pagulu, amfumu ali pomwepo? Ndiponso wofunsayo ndi mwana wake, wabwera ndi alendo pagalimoto?

Sindikukunena wekha. Ine ndinaona tsiku lomwelo, koma m'kalata ija ndinangokuzungulira ndi nthabwala poopa kukuwonongera chimwemwe. Ndikanakuuza mosabisa njerwa zisanafike. Chimenechi chikundidya.

Mwambo wosudzulawo aika Loweruka loyamba la Juni. Amalume anayesa kuwakaniza koma ababa akuti anena anena. Bwera usanafike tsikulo. Mwina iwe angakumvere, ine ndalephera.

Ida

Chilomoni, Blantyre
27 Meyi 2024

Achemwali,

Muli bwanji kumeneko? Mwangoti zii ngati munasamuka. Foni yanu sikugwira, kalata osalemba. Kapena mwakwiya chifukwa cha makaka ndinasiya aja?

Ine ntchito yandipanikiza, ndakhala ndili ku Nsanje ndi ku Chikwawa, misonkhano yokhayokha. Akuti poti ya kwathu ndinaiyendetsa bwino ndiphunzitseko anzanga. Kontirakitala wanditumizira zithunzi, khoma la chipinda cha makompyuta lafika kale pamwamba. Simungadziwenso kuti panali khonde.

Tsono ndili ndi pempho. Tikufuna pa tsiku lotsegulira ababa adzayankhule m'malo mwa onse ogwiritsa ntchito laibulale, poti palibe amene wakhalapo nthawi yaitali kuposa iwo. Adzangonena mwachidule mmene anthu anafunsidwira maganizo ndi mmene akondwera. Muyambe kuwanyengerera panopa, mukuwadziwa ndi manyazi awo. Jekete lija muchapiretu.

Ndiyankheni msanga.

Aliness

Chilomoni, Blantyre
11 Juni 2024

Ababa,

Sindikudziwa ngati ndili woyenera kufunsa kuti muli bwanji, komabe ndikufunsa. Mwafika bwanji ku Nazombe? Mukugona m'nyumba ya yani? Chiperoni chayambachi bulangete muli nalo?

Kalata ya achemwali yondiitana yandipeza dzulo. Kondakitala uja anamusinthira msewu wina, ndipo kalatayo inangokhala m'galimoto mpaka anaikumbukira. Nditawerenga ndinaimbira alamu, ndiwo andiuza kuti mwambo unachitika ndipo munanyamuka pa njinga ya kabaza ndi chikwama chimodzi. Andiuzanso kuti kalata yanga yopempha kuti mudzayankhule potsegulira inafika inu mukulongedza, ndipo achemwali anakuwerengerani. Ndikakumbukira zimene ndinalembamo ndikufuna pansi patang'ambika ndilowe.

Ndikanakonda kunamizira kondakitala, kapena kunena kuti sindinkadziwa. Koma ababa, ndinakuonani. Nditafunsa kuti pali wotsutsa, munakweza dzanja pang'ono. Nthawi yomweyo amalume anaimirira n'kunena kuti mbumba yonse yavomera, ndipo dzanja lanu linapitirira kukagwira chipewa ngati ndi chimene munkafuna. Ndinaona. Dalaivala anali akundilozera wotchi, abwana anga akumwetulira, ine ndinatembenuka n'kulemba kuti onse agwirizana.

Ine ndinabadwira pamudzi pomwepo. Ndakula ndikukuonani mukudikira panja amalume akukamba za ife ana anu m'nyumba mwanu momwe. Mlendo wochokera ku Lilongwe akanalakwitsa chonchi tikanati sadziwa. Ine ndinkadziwa kuti mkamwini safunsidwa pagulu, amatsatidwa payekha. Kuchokera pabwalo la sukulu kufika pakhonde paja ndi pafupi, koma ndinathamangira galimoto. Kenaka munandifunsa za benchi, ine n'kukuyankhani za khushoni.

Lero m'mawa ndawauza abwana anga zonse. Sanakondwe, ndipo za kuphunzitsa anzanga zija zathera pomwepo, koma zimenezo sizikundikhudza. Khoma sangagwetse. Akuti malata ndi mitengo zikatsalako angathe kuika khonde lina kumbali, malinga eni ake anene mmene akulifunira.

Ndiye ndikufunsa tsopano, mochedwa, funso limene ndinalandirira malipiro kuti ndifunse mu Febuluwale. Ababa, mukufuna chiyani? Likhale mbali iti, lotani? Ndipo likamangidwa, mubwerera? Loweruka likudzali ndibwera kudzakutengani, ndikagwada kwa amalume ngati kuli kofunika.

Ndikhululukireni.

Mwana wanu,
Aliness

Nazombe
19 Juni 2024

Mwana wanga Aliness,

Landira moni. Ndili bwino. Ndikukhala kwa mdzukulu wa malemu mlongo wanga, mnyamata waulemu, dzina lake Promise. Wandipatsa chipinda chimene ankasungiramo nandolo. Bulangete ndili nalo. Ida wandiuza kuti unadwala malungo n'chifukwa chake sunabwere Loweruka, umwe mankhwala onse usasiyire panjira.

Kalata yako ndawerenga. Sindikukwiyira, koma sindikunamiza kuti sizinandipweteke. Zinandipweteka. Ndipo mlandu suli pa iwe wekha. Msonkhano utatha anzanga anandituma kuti ndikuuze, poti ndiwe mwana wanga. Ndinatenga cholembera, koma nditakumbukira mmene unkaonekera pamaso pa anthu paja ndinalephera kukuchotsera ulemu, ndiye ndinafunsa za benchi. Anzanga ndinawauza kuti ndanena. Che Ramadani mpaka lero akuganiza kuti unamva n'kukana. Ukapita ukawauze zoona, ine ndinachoka osawatsanzika bwino chifukwa cha manyazi.

Wafunsa, ndiye ndiyankha. Likhale loyang'ana kotulukira dzuwa, phiri likhale kumbuyo, chifukwa mphepo ya miyezi ino imapweteka nkhalamba. Benchi likhale lalitali, limodzi, osati mipando, kuti wobwera mochedwa azingoti sunthani. Pakhale windo loti woyang'anira azitulutsirapo nyuzipepala. Chachikulu, pasakhale chitseko kapena kampanda. Mkamwini moyo wake wonse ndi wa odi, ndipo paja tinkapakonda chifukwa munthu unkangofika n'kukhala.

Koma awa ndi maganizo a munthu mmodzi, usalembenso kuti onse agwirizana. Upite ukawafunse eni ake mmodzimmodzi, amalume ako kulibe, ndipo galimoto ukaisiye kutali. Akayamba ndi kunena kuti zonse zili bwino. Usanyamuke, ukhalebe. Ufunsenso amene angamawawerengere, chifukwa amene ndikumudziwa ine amathamanga ndipo amadumpha mawu ovuta.

Zodzanditenga usavutike. Ndinapempha ndekha pamaso pa anthu, mbumba inandimasula, akwathu anandilandira. Munthu wosudzulidwa amabwera kudzaona ana, sabwera kudzakhala. Ndikabwerera ndiye kuti ndasandutsa akuluakulu a mbali zonse ziwiri ana. Amalume ako usawadandaulitse, anandikaniza mokwanira ndipo anandiperekeza mpaka pamsewu.

Kuno akundisunga bwino, kungoti amene ndinkawadziwa onse ali kumanda, ndipo ana akumafunsana kuti agogo awa ndi a kwa yani. Dzulo kunali msonkhano wa mjigo umene akufuna kukumba. Anandipatsa mpando kutsogolo monga mwini mudzi, ndipo wochititsa msonkhanoyo, mtsikana wa msinkhu wako, anayamba kufunsa ine kuti mjigowo ukhale pati. Anthu onse anatembenukira kwa ine. Ndinaimirira, ndinavula chipewa, kenaka ndinangokhalanso pansi. Sindikudziwa ngakhale kumene anthu a kuno amatunga madzi.

Upereke moni kwa abwana ako.

Ndine bambo ako,
Goliati Namakhwa